Ndinapambana Chigayo pa Okushoni, Ndinabwerera Chimanjamanja

1

Musayembekezere kuti ndiyambe ndi misozi. Misozi inatha kalekale, chimene chatsala ndi mkwiyo, ndipo ndikufuna ndiukhuthule pano kuti muweruze nokha.

Dzina langa ndine Edileuza, koma kuno ku São Brás do Umari aliyense amangoti Leuza wa kuchigayo. Chigayocho chinali cha khonsolo: nyumba ya malata kuseri kwa msika, mmene munali makina opera chinangwa, chofinyira madzi ake, ndi chiwaya chachikulu chokazingira ufa. Ndinalowamo ndili namwali, ndikusenda chinangwa pambali pa amayi anga, ndipo imvi zinandipeza momwemo ndikuyendetsa makina. Kuno munthu akadya nyemba zosawaza ufa wokazinga amati sanadye, ndiye mutha kuona kuti tauni yonse inkadya za m'manja mwanga.

Kenako kunabwera meya watsopano, mnyamata wonunkhira perefyumu amene sanagwirepo mpeni wosendera. Anati chigayo chikudya magetsi ambiri, n'kuchitseka ndi loko. Posakhalitsa tinamva kuti makina onse alengezedwa kuti ndi katundu wopanda ntchito, ndipo agulitsidwa pa okushoni ya pa intaneti pamodzi ndi ambulansi yakufa ndi mipando yothyoka ya kusukulu. Wopanda ntchito! Makina amene ndinkawapukuta ndi manja angawa.

Amene anakamata nambala pa chiwayacho anali mwamuna wanga, Josenildo. Ankagwira ntchito mu ofesi yoyang'anira katundu wa khonsolo, ndipo anali m'komiti yoyendetsa okushoniyo.

"Ine ndimangotumidwa, Leuza," anatero akupemerera khofi wake.

"Chabwino. Ngati chikugulitsidwa, ndichigula ine. Ndigulitsa ng'ombe zimene anandisiyira bambo anga."

Anaseka. "Iwe sungagule. Lamulo limati wa m'komiti asatchule mtengo, mkazi wake ayi, m'bale wake wamagazi ayi, ngakhale mlamu wake. Ukanakwatiwa ndi dalaivala wa basi bwenzi ukugula."

"Ndiye chipite kwa ogula zitsulo, inu mukumwa khofi?"

Anayang'ana pawindo, n'kutsitsa mawu. "Anthu amaika dzina la munthu wina. Ndalama zako, dzina lake. Kamuuze komadre wako."

Komadre wangayo ndi Marinalva, mayi wa mwana amene ndinamuimira paubatizo. Chibale chimenechi kwathu kuno si chamasewera: komadre amalowa m'khitchini mwako osaodira. Anali wamasiye, tinkakhala benchi limodzi m'tchalitchi, ndipo makiyi a nyumba yanga ankadziwa pamene ndimabisa.

Inde, ndikudziwa kuti kubwereka dzina ndi kuzembera lamulo. Sindikupepesa. Chigayo chija chinali changa m'njira zonse kupatula papepala.

2

Ng'ombe zinapita Loweruka pamsika. Ndinaziyang'ana zikukwera lole, mtima ukuwawa, koma ndinadzitonthoza kuti zikubwerera zitasanduka chitsulo.

Vuto linabwera polembetsa. Kompyuta inakana dzina la Marinalva. Anali ndi ngongole ya firiji kusitolo ina, ndipo munthu wa dzina loda saloledwa kulowa okushoni ya boma. Nthawi yolembetsa inali kutha, ndipo Josenildo anali kutali ku mzinda wa Recife, kumene khonsolo inamutumiza kukaphunzira za okushoni yomweyo. Foni yake inkangolira osayankhidwa.

Ndinavala diresi langa la kutchalitchi n'kupita kwa loya wa khonsolo, Dotora Iraci, mayi wowonda amene samwetulira ngakhale paukwati.

"Dotora, ndingofunsako. Mwana wa ubatizo lamulo limamuwerenga ngati m'bale?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kutchalitchi ndi m'bale. Lamulo limadziwa magazi ndi ukwati basi. Ndipo mayi Leuza, sindikufuna kudziwa chifukwa chimene mukufunsira."

Ndinatuluka ndikuvina mumtima. Mwana wanga wa ubatizo, Wandeilson, anali atakula kale, mnyamata wa mapewa otambalala amene ankakonzekera mayeso olowera upolisi. M'mawa uliwonse ankathamanga kuzungulira bwalo la mpira, masana ali pa mabuku. Ine ndilibe mwana wobereka ndekha. Mimba imodzi imene ndinakhala nayo inapita padera chaka chimene iye anabadwa, ndiye chikondi chonse chimene chinasowa kopita chinathera pa iye. Nsapato zake zoyamba ndinagula ndine, ndipo atathyoka mkono ndine amene ndinagona pabenchi kuchipatala.

Ndinamupeza akutsuka njinga yamoto ya mnzake.

"Mundidalitse, madrinya," anatero, monga mwana aliyense wa ubatizo amachitira akakumana ndi madrinya wake, mayi amene anamuimira.

"Mulungu akudalitse. Tapukuta manjawo, ubweretse foni."

Nditamufotokozera, sanafunse kawiri. "Chigayo chanu chija? Asa! Bweretsani, tiwaonetse." Anadzijambula atagwira chiphaso chake pafupi ndi tsaya monga kompyuta inkafunira, ndipo inamulandira nthawi yomweyo. Dzina lake linali loyera ngati mkaka. Tinalipira ndalama ya chikole, kulembetsa n'kutsekedwa.

3

Josenildo atabwerako ndinamuphikira nyama yowumitsa padzuwa, ndikufuna ndimuuze nkhani yabwino ali wokhuta. Nditangotchula dzina la Wandeilson, foloko inagwa m'manja mwake.

"Wati ndani?"

"Wandeilson. Dzina la komadre lakanidwa."

"Ndani anakutuma? Ndinati Marinalva! Ndinati mwana wake ine?"

"Mukukuwa chiyani? Dotora wanena yekha kuti wa ubatizo si m'bale."

"Unapita kwa Iraci? Mayi wanga ine! Leuza, mutu wako umayenda bwino? Umutulutse mnyamatayo. Asatchule mtengo ngakhale kamodzi."

"Ng'ombe ndagulitsa, chikole ndalipira, kulembetsa kwatsekedwa. Ndimutulutse ndiikepo ndani, galu wathuyu?"

Anaimirira, anakhala pansi, anaimiriranso. Ndinamufunsa kuti vuto ndi chiyani, ndipo anangoti anthu alankhula, ntchito yake ili pachiswe. Ndinamuyang'ana ndi chipongwe. Ndinaganiza kuti ndinakwatiwa ndi munthu wamantha, woopa meya kuposa Mulungu, ndipo ndinamuuza zimenezo osabisa.

M'mawa mwake Marinalva analowa m'khitchini maso atatupa.

"Komadre, mwanayu musiyeni. Ali ndi mayeso."

"Mayeso akukhudzana bwanji ndi kudina foni?"

"Mtima wanga sukundipatsa."

"Mtima wako unakupatsa pogula firiji ya zitseko ziwiri uli wopanda khobidi. Ukanalipira ngongole bwenzi tili pa dzina lako. Khala pansi umwe khofi."

Anamwa n'kuchoka. Onse awiri anali ndi pakamwa, anali ndi nthawi, ndipo anandisiya ndiziyenda. Zimenezi ndikazikumbukira magazi amawira mpaka lero.

4

Tsiku la okushoni tinakhala pa masitepe a tchalitchi, chifukwa ndi pokhapo pamene intaneti ya tauni ino imagwira osatsokomola. Dzuwa linali likuswa mtengo. Azimayi anzanga a kuchigayo anabwera ndi maambulera n'kutizungulira ngati pali ngozi.

Pa okushoni ya pa intaneti sumaona amene ukulimbana naye, umangoona nambala ikukweza mtengo. Koma São Brás ndi tauni yaing'ono. Tsidya lina la bwalo, pakhonde la bala, panali bambo Genivaldo, wogula zitsulo zakutha, mimba ili pa tebulo, foni m'manja. Wandeilson akadina, Genivaldo ankadina. Kenako ankakweza tambula ya mowa kutilonjera.

"Leuza!" anakuwa. "Chiwaya chimenecho ndachipezera kale kasitomala. Akufuna apange zitseko za makola a nkhumba!"

"Ndiye mwapeza chitseko cha nyumba yanu!" ndinabweza, azimayi n'kuseka chikhakhali.

Lamulo lake ndi loti wina akakweza mtengo nthawi itatsala pang'ono kutha, wotchi imabwerera m'mbuyo kuti winayo ayankhe. Genivaldo ankadikira dala mpaka kumapeto, kenako n'kudina. Anatizunza choncho mpaka thukuta linanyowetsa diresi langa. Mtengo unadutsa pamene ndinkayembekezera, unafika pamene ng'ombe zanga zinathera.

"Madrinya, tafika pakhoma," Wandeilson ananong'ona.

Ndinavula ndolo zagolide za malemu amayi n'kuziika m'dzanja la mkazi wa wogulitsa mankhwala, amene ankazisirira kuyambira kale, kuti andipatse ndalama. "Dina," ndinatero.

Anadina. Tsidya lija Genivaldo anayang'ana foni yake nthawi yaitali, n'kuiika m'thumba. Wotchi inatha. Azimayi anakuwa mpaka nkhunda zinathawa padenga la tchalitchi, ndipo Wandeilson anandinyamula m'mwamba ngati thumba la ufa. Ndinalira ndi chimwemwe pamaso pa tauni yonse.

Chimene sindinachimvetse n'chakuti Genivaldo ankamwetulira.

5

Wopambana amayenera kupita iye mwini kukhonsolo kukasaina lumbiro asanatenge katundu. Tinapita Lolemba m'mawa, ine, Wandeilson ndi Marinalva, amene anaumirira kutiperekeza. Mu ofesi ya Dotora Iraci tinapeza Josenildo atakhala kumbali monga wa m'komiti. Tinapezanso Genivaldo, chipewa pa bondo. Wachiwiri pa okushoni ali ndi ufulu woonerera.

Dotora anawerenga mokweza. Wandeilson ankalumbira kuti si wantchito wa khonsolo, ndipo si mwana, m'bale kapena mlamu wa aliyense wa m'komiti. Anafotokozanso kuti kulumbira bodza ndi mlandu wopita nawo kundende, ndipo wopambana akalephera kusaina, chikole chimapita, amalipira chindapusa, katundu n'kuperekedwa kwa wachiwiri.

Wandeilson anatenga cholembera.

"Asaine, asaine," anatero Genivaldo mokoma. "Ine ndikachoka pano ndikudutsira kwa woimira boma pa milandu. Masiku ano amayeza magazi, sachedwa."

Ndinaseka. "Bambo inu mowa wakuphwetsani mutu. Ndi mwana wanga wa ubatizo, Dotora akudziwa."

"Za ubatizo ine ndilibe nazo ntchito, Leuza. Ndinakhala moyandikana ndi Marinalva zaka zambiri, mwamuna wake akuyendetsa lole kutali. Njinga imene inkatsamira mpanda wakuseri ndinkaidziwa. Dotora, tamufunsani mnyamatayu makutu amenewo anawatenga kuti."

Wandeilson anadzuka nkhonya atakunga. "Mukunyoza amayi anga?"

"Khala pansi," anatero Dotora. Anavula magalasi. "Mnyamata, tsopano wamva pamaso pa mboni, sungadzanenenso kuti sunkadziwa. Ngati ndi bodza, saina, ndipo bambo awa udzawasumire. Ngati ndi zoona, ukasaina upolisi uiwale. Ndikupita kukamwa madzi. Akuluakulu, mukambirane panja."

Ndinatembenuka kuti ndiseke pamodzi ndi mwamuna wanga. Sankaseka. Ndinayang'ana makutu ake, ndinayang'ana a Wandeilson. Makutu amenewo ndinkawatsuka ndi sopo mwanayo ali wakhanda.

Pakhonde tinalipo atatu: ine, Marinalva ndi Josenildo.

"Komadre," ndinatero, "ndiyang'ane."

Anagwada pa simenti pomwepo. "Zinachitika kale, komadre. Zinatha mwana asanabadwe, ndikulumbira."

"Ndiye unandipatsa kuti ndimuimire paubatizo? Ine nditangotaya wanga?"

"Anali maganizo a iwowa. Anati mukamukonda, mwanayo azikulira pafupi nawo popanda wofunsa."

Apo m'pamene ndinakumbukira tsiku la ubatizo. Mwambo wake mwamuna ndi mkazi wake amaimira mwana limodzi, koma Josenildo anakana, ati anayambana ndi ansembe, ndipo m'malo mwake anaima mchimwene wanga. Bambo sangaimire mwana wake yemwe. Tchalitchi anachiopa, ine sanandiope.

"Leuza, tsitsa mawu," anatero Josenildo, maso ali kukhomo la meya. "Zimenezi tikakambirana kunyumba. Panopa tiganize bwino. Genivaldo akungoopseza. Tikamupatsa kenakake atseka pakamwa. Mnyamatayo asaine."

"Wati chiyani, iwe?" Aka kanali koyamba kumutchula iwe chikwatirane.

"Akapanda kusaina ndiye kuti tavomera! Ntchito yanga yatha, penshoni yatha, chigayo chako chapita. Akasaina, mawa ukuyatsa chiwaya. Milandu kuno imatenga zaka."

"Nanga akamumanga?"

Anakweza mapewa. "Ndi mnyamata, angapirire. Mwinanso sizingafike kumeneko."

Ndinayang'ana Marinalva kuti alume munthu ameneyu, amukande m'maso. Anangoweramitsa mutu. "Ndalama ndi zanu, komadre. Ine ndilibe mawu."

6

Ndikuuzani zoona, chifukwa ndinalonjeza kusabisa. Pobwerera mu ofesi muja, mtima wina unkati: asaine. Mwana wa akuba awiriwa, alowe m'mavuto, iwe utenge chigayo chako. Akudyera moyo wako wonse, tsopano alipire. Maganizo amenewo anandikomera ngati madzi ozizira, ndipo ndinalowa nawo pakhomo.

Dotora anali atabwerera pampando. Genivaldo ankazunguza chipewa pa chala. Wandeilson anali atagwirabe cholembera, nsonga yake ili pamzere. Sanayang'ane mayi ake, sanayang'ane Josenildo. Anayang'ana ine.

"Madrinya, ndi bodza eti? Ndisaine, titenge chigayo chanu tizipita."

"Saina, mnyamata," anatero Josenildo kumbuyo kwanga.

Ndinayenda mpaka patebulo. Ndinaona ng'ombe za bambo anga zikukwera lole, ndolo za amayi, azimayi anzanga amene anali atayamba kale kukumba chinangwa. Kenako ndinaona dzanja la mwanayo pa cholembera.

Ndinamulanda cholembera n'kuchiika m'manja mwa Dotora.

"Sasaina. Uyo wakhala apoyo ndi bambo ake. Ndalama zinali zanga, nzeru zinali zanga, mwanayu sankadziwa kanthu. Lembani choncho."

Wandeilson anatulutsa kamawu kamene sindidzakaiwala, ngati kamwana kagalu kopondedwa. Josenildo anayamba kunena kuti mkazi wake wazungulira mutu. Ndinatenga tambula ya madzi imene inali patebulo n'kumukhuthulira kumaso, ndipo Dotora Iraci, mayi wa malamulo uja, anapeza chochita m'kabati yake mpaka nditamaliza.

"Katundu apita kwa wachiwiri," anatero kenako.

"Dotora, nanga nditasiya kukhala mkazi wake, sindingachigule ine?"

"Lero ndinu mkazi wake, mayi Leuza. Lamulo likuona za lero."

7

Genivaldo sanavutike n'kunyamula chiwaya chathunthu. Anabwera ndi makina odulira zitsulo n'kuchidula pomwepo kuseri kwa msika, masana, anthu akuonerera. Ndinatseka mawindo onse, koma kulira kwa chitsulo kunkalowabe.

Chikole chinalowa m'madzi, chindapusa ndinalipira, zotsala anadya loya wothetsa ukwati. Panopa ndimakwera basi kupita ku tauni ina kukasenda chinangwa cha eni, ganyu imene ndinaisiya ndili mtsikana. Josenildo sanachotsedwe ntchito. Anangomusamutsira ku ofesi yoyang'anira manda, kumene akuti anthu ake sadandaula. Marinalva anasintha benchi m'tchalitchi. Wandeilson anakhoza mayeso, ndi wapolisi kutali ndi kuno, ndipo amandiimbira foni Lamlungu. Bambo akewo sanawalankhulepo.

Chimene chinandipweteka pambuyo pake n'chakuti theka la tauni linkadziwa. Azimayi omwe aja a maambulera, ena mwa iwo ankadziwa, ndipo anaima nane pa masitepe a tchalitchi akukuwa ndi chimwemwe. Ndikawafunsa amati, "Tinkaopa kukupasulira banja." Banja lake liti?

Inu owerenga, makamaka azimayi anzanga, ena mwa inu mukuti ndinapusa, ndikanamusiya asaine. Masiku ena, ndikamadutsa pa nyumba ya malata ija ili pululu, nanenso ndimadzitukwana choncho. Sindine woyera mtima, ndipo sindinachite zimenezi ndikumwetulira.

Koma mvetsani chimene chimandiwiritsa magazi. Si chibwenzi chija. Amuna a zibwenzi ali m'nyumba zambiri, mwina ndi yanu yomwe, ndipo mkazi amatha kumeza zimenezo n'kukhalabe ndi moyo. Munthu mumamudziwa tsiku limene mbiri yake ili mbali ino, mwana wake ali mbali inayo, ndipo ayenera kusankha anthu akuona. Mwamuna wanga ndinamumva ndi makutu angawa akuti saina.

Mu ofesi muja munali anthu awiri amene anabereka mnyamata uja. Mmodzi ankamukankhira kundende, wina anaweramitsa mutu. Amene anataya zonse kuti mwanayo atuluke ndi dzina loyera ndi ine, amene tauni yonse imati ndilibe mwana.